Helikopita ya anthu awiri: injini yaikulu, katundu wochepa, nanga mphamvu yotsalayo ipita kuti?

Kadzioche22 walemba:

Moni nonse akuluakulu. Ndikuyerekeza mahelikopita ang'onoang'ono a mipando iwiri amene sukulu zambiri zimaphunzitsira, makamaka Robinson R22 Beta II ndi Guimbal Cabri G2, ndipo pali zinthu zitatu zimene zandizunguza mutu.

Choyamba, onse awiri ali ndi injini imodzimodzi, Lycoming O-360-J2A. Injini za banja la O-360 zikakhala pa ndege wamba za mapiko osazungulira zimatulutsa 180 hp (horsepower, muyeso wa mphamvu ya injini), koma pa R22 wopanga amalola 131 hp kwa mphindi zisanu zokha ponyamuka, kenako 124 hp. Nanga yotsalayo? Si kungonyamula chitsulo chaulere kumeneku?

Chachiwiri, R22 ili ndi mapiko awiri pamwamba pomwe Cabri ili ndi atatu. Ena akuti a R22 ndi oopsa, ena akuti vuto ndi oyendetsa. Zoona ndi ziti, ndipo chimachitika n'chiyani kwenikweni pa chitsulocho?

Chachitatu ndi masamu: bwalo la ndege lili pa msinkhu wa mafiti 5,000, kunja kwatentha madigiri 30, anthu awiri aliyense makilogalamu 85. Zimenezi zinganyamuke? Ndi mafuta ochuluka bwanji? Chonde ndithandizeni ndi manambala, osati kungoti "zimatengera".

Injiniya_Mapiko wayankha:

Achimwene, ndiyambe ndi la mphamvu, poti ndi pamene ambiri amasokonekera. Mphamvu imene mukuti yatayika sinatayike. Yasungidwa kuti mukaipeze kumwamba.

Injini imeneyi ilibe turbo (chipangizo chopanikiza mpweya wolowa mu injini), imapuma mpweya mmene uliri panja. Mukamakwera mpweya umapepuka, ndipo injini yotere imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu yake pa mafiti 1,000 alionse. Wopanga akadaika injini imene malire ake enieni ndi 131 hp, pofika mafiti 5,000 mukadatsala ndi 111 hp basi. Koma poti anaika yaikulu n'kukuletsani kuigwiritsa ntchito yonse, mukamakwera throttle (chitseko cholowetsera mpweya ndi mafuta mu injini) imangotsegukabe pang'onopang'ono, 131 hp ija n'kumapezekabe mpaka throttle itafika kumapeto. Onani mbiri yake: R22 inauluka koyamba mu 1975, inavomerezedwa ndi FAA, bungwe loona za ndege ku America, mu 1979, ndipo inayamba ndi O-320 ya 150 hp, kenako ya 160 hp. Beta II itabwera chapakati pa zaka za m'ma 1990 ndi O-360, malire a 131 hp sanasinthe, kulemera kololedwa sikunasinthe. Chimene chinasintha ndi msinkhu umene helikopita ingaime m'malere tsiku lotentha. Cabri nayo imachita chimodzimodzi, kungoti malire ake osalekeza anawaika pa 145 hp.

Pali zifukwa zina ziwiri. Giyabokosi, malamba ndi mashafti anazipanga molingana ndi 131 hp, chifukwa kuzikulitsa kuti zipirire 180 ndi kuwonjezera makilogalamu amene mulibe. Ndiponso helikopita ikaima malo amodzi m'malere imafuna mphamvu yochuluka pamene palibe mphepo yoziziritsa injini, fani yokha ndi imene ikugwira ntchito. Injini yogwira ntchito pansi pa mphamvu yake yonse siitentha kwambiri ndipo imakhalitsa.

Koma dziwani ichi: palibe chitsulo chimene chimakugwirani dzanja pa 131 hp. Malirewo ali pa geji ya manifold pressure, imene imasonyeza m'ma inchi mmene injini ikulimbikira, ndi pa kachikwangwani ka m'kati kamene kamakuuzani ma inchi ololedwa malinga ndi msinkhu ndi kutentha kwa tsikulo. Pamalo otsika mukakoka collective (ndodo yokulitsa ngodya ya mapiko onse nthawi imodzi) mopitirira, injini imakupatsani ndithu, yokondwa, giyabokosi ndi mapiko n'kumalira mwakachetechete. Kuwonongekako sikuoneka tsiku lomwelo. Pamalo okwera zimakhala zina: throttle ikafika kumapeto, kukoka collective sikuwonjezera kalikonse, kumangotsitsa RPM ya rotor, liwiro la kuzungulira kwa mapiko apamwamba aja. Ndiye kuti pansi malire anu ndi geji, kumwamba malire anu ndi injini yeniyeniyo, ndipo muyenera kudziwa kuti lero muli mbali iti musananyamuke.

Tsopano kamasamu kakang'ono kuti muone chifukwa chimene helikopita imadyera mphamvu chonchi. Rotor ya R22 ndi yotambasuka mamita 7.67, kutanthauza bwalo la masikweya mita 46. Kulemera kololedwa ndi makilogalamu 622, ndiye sikweya mita iliyonse yanyamula makilogalamu 13.5. Kuti izi ziime m'malere pa mpweya wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, rotor iyenera kukankhira mpweya pansi pa liwiro la mamita 7.3 pa sekondi. Mukachulukitsa ndi kulemerako n'kusintha yankholo kukhala hp, mupeza 60 hp. Imeneyo ndi ya rotor yangwiro imene kulibe padziko lapansi. Onjezani kukhuzana kwa mapiko ndi mpweya, poti nsonga zake zikuthamanga mamita 213 pa sekondi rotor ikamazungulira ka 530 pa mphindi. Onjezani rotor ya kumchira, fani, alternator, malamba ndi magiya. Mukamaliza, helikopita yodzaza ikudya kupitirira 100 hp pongoima chabe.

Cabri rotor yake ndi ya mamita 7.2, bwalo la masikweya mita 41, kulemera kololedwa makilogalamu 700. Zikutuluka makilogalamu 17 pa sikweya mita. Bwalo laling'ono, katundu wochuluka, choncho imafuna mphamvu yoposa ya R22 kuti iime. N'chifukwa chake 145 hp ija musaione ngati phindu lonse, gawo lina imalipira kulemera kwake komwe.

Mlangizi_waHover wayankha:

Bambo Injiniya afotokoza bwino za injini. Ine nditenge la mapiko, chifukwa mawu oti "oopsa" aja abisa nkhani ziwiri zosiyana zimene anthu amaziphatikiza.

Yoyamba ndi mmene hub, pakati pamene mapiko amakumanira, yalumikizidwira. Pa R22 mapiko awiriwo ali ngati thabwa limodzi lokhazikidwa pa bawuti imodzi pamwamba pa mast, shafti imene imazungulitsa rotor. Phiko limodzi likakwera, linzake limatsika. Thupi la helikopita limangolendewera pansi pake ngati chidebe pa chingwe. Mukakankha cyclic, ndodo yolozera kumene helikopita ipite, simukupinda thupi mwachindunji ayi. Mukupendeketsa bwalo la rotor, ndipo mphamvu imene rotor ikukokera m'mwamba ndi imene imakoka thupi kuti litsatire. Nkhani yagona pamenepa: rotor ikasiya kunyamula katundu, cyclic imapendeketsabe bwalo koma thupi silimva.

Zimachitika chonchi. Helikopita ikukwera kapena ikuthamanga, woyendetsa n'kukankha cyclic kutsogolo mwadzidzidzi, kapena mphepo yamphamvu yotsika n'kuimenya. Thupi la munthu limapepuka pampando, monga zimakhalira galimoto ikadutsa pa chitunda mothamanga. Rotor yaikulu yapepukidwa, koma ya kumchira ikukankhabe chammbali, ndipo pamene mphuno yaloza pansi mchira uli pamwamba. Rotor ya R22 mukaiyang'ana kuchokera kumwamba imazungulira mosemphana ndi wotchi, choncho ya kumchira imakankhira kumanja, ndipo helikopita imagubudukira kumanja mofulumira zedi. Dzanja la munthu aliyense limathamangira kumanzere. Cholakwika chakupha ndi chimenecho. Bwalo limapendekera kumanzere, thupi likupitabe kumanja, ngodya ya pakati pa hub ndi mast n'kupitirira malire, hub n'kuyamba kumenya mast kawiri pa kuzungulira kulikonse. Pa ka 530 pa mphindi, werengani nokha. Mast imaduka, kapena phiko limalowa m'chipinda kapena kudula mchira. Chithandizo chake n'chosemphana ndi zimene thupi limafuna: cyclic kumbuyo pang'ono, mofatsa, kuti rotor inyamulenso katundu, mukamva kulemera pampando m'pamene muwongole chammbali. Ndipo kuposa chithandizo ndi kupewa. Kukankha kotereku n'koletsedwa pa R22 ngakhale pophunzitsa, ndipo mphepo ikavuta mumachepetsa liwiro kufika ma knot 60 mpaka 70 (knot ndi muyeso wa liwiro la ndege), dzanja mutalitsamiritsa pa ntchafu kuti lisamagwedezeke ndi thupi.

Pa Cabri phiko lililonse mwa atatuwo lili ndi polumikizira pake patali pang'ono ndi pakati pa mast. Mapiko akamazungulira amakoka hub mwamphamvu kupita kunja, ndiye bwalo likapendekera, kukokako kumapinda mast ndi thupi lomwe, kaya rotor yanyamula katundu kaya ayi. N'chifukwa chake vuto la kumenya mast kulibeko. Apa ndilibe mawu ena, Cabri yapambana.

Nkhani yachiwiri ilibe chochita ndi chiwerengero cha mapiko. Ndi kulemera kwake. Frank Robinson, amene anapanga R22, anafuna helikopita yopepuka, yotsika mtengo, yoti munthu aziyendera yekha, osati ya sukulu, ndipo mapiko anawapanga opepuka. Rotor yopepuka imasunga mphamvu yochepa. Injini ikazima muli pa mphamvu yambiri, muli ndi sekondi imodzi kapena ziwiri kuti mutsitse collective mpaka pansi. Mukachedwa RPM imagwa, ndipo mphamvu yosungidwa imagwa mofulumira kuposa singano ya RPM: RPM ikakhala pa 90 peresenti mwatsala ndi 81 peresenti ya mphamvuyo, pa 80 peresenti mwatsala ndi 64. Pamenepo mapiko amafunika ngodya yaikulu kuti anyamule katundu yemweyo, ngodya ikakula kukokana ndi mpweya kumakula, RPM n'kugweranso pansi. Cha pa 80 peresenti, kuwonjezera 1 pa mafiti 1,000 alionse, mapiko amasiyiratu kunyamula. Ndege wamba ikatero mumaweramitsa mphuno n'kuchira. Helikopita ikatero imayamba kugwa, mpweya wochokera pansi n'kukulitsanso ngodya ija, ndipo palibe chobweza.

Tsono zindikirani kuti rotor imatha kufa chonchi injini ili bwinobwino. Kungokoka collective mopitirira mphamvu imene ilipo n'kokwanira. Hutala yochenjeza ya R22 imalira RPM ikatsika pa 97 peresenti, ndipo ikalira manja ayenera kuyenda okha mutu usanaganize: throttle kutsegula, collective kutsitsa, zonse nthawi imodzi, ndipo ngati mukupita kutsogolo, cyclic kumbuyo pang'ono. Kutsitsa collective pamene mitengo ikuyandikira n'kovuta kwambiri kwa munthu, koma mphamvu ya injini imayendera limodzi ndi RPM. Mukataya 10 peresenti ya RPM mwataya 10 peresenti ya mphamvu panthawi imene mukuifunitsitsa.

Ngozi za mitundu iwiriyi zitachuluka, FAA inatulutsa lamulo lapadera mu 1995, SFAR 73, la R22 ndi R44 (mkulu wake wa mipando inayi) zokha. Limafuna maphunziro apadera pa nkhani zimenezi, ndipo wophunzira sayenda yekha pa R22 asanakwanitse maola 20 ndi mlangizi. Governor, chipangizo chimene chimasunga RPM chokha, nayo inakhala yokakamiza. Ndiye yankho langa n'lakuti onse awiri amene mwawamva akunena zoona. Chitsulocho chili ndi malire opapatiza, ndipo amene amawadumpha ndi anthu.

Manambala a autorotation (kutsika injini itazima, mpweya ukuzungulitsa rotor) pa R22, poti mwafuna manambala: liwiro ma knot 65, rotor pakati pa 90 ndi 110 peresenti. Kuti mufike patali, ma knot 75 ndi rotor pa 90 peresenti, ndipo mumayenda pafupifupi mafiti anayi kutsogolo pa fiti imodzi yotsika. Muli pa mafiti 500, malo amene mungafikeko ali pafupi kwambiri, pafupifupi amene mukuwaona kunsi kwa galasi lakutsogolo.

Kadzioche22 walemba:

Zikomo kwambiri nonse awiri, tsopano zikumveka. Ndiye tinene kuti Cabri ilibe chilema chilichonse pa nkhani ya kayendetsedwe? Chifukwa mmene mwafotokozeramu, zikuoneka ngati R22 ikugulidwabe chifukwa cha mtengo wokha. Komanso injini ikazima, chimalekanitsa rotor ndi injini n'chiyani kuti mapiko asaime nayo limodzi?

Sipanala13 wayankha:

La kulekanitsa nditenge ine. Pa R22 injini ili pansi, kumbuyo kwa mipando, ndipo imazungulitsa pule yapansi. Malamba awiri, lililonse la mizere iwiri ya V, amakweza mphamvu kupita ku pule yapamwamba. M'kati mwa pule yapamwambayo muli sprag clutch, tizitsulo topendekera timene timagwira shafti pule ikamatsogola, n'kumasula shafti ikamathamanga kuposa pule. N'chimodzimodzi ndi njinga: mukasiya kupalasa, tayala likupitabe. Shafti imeneyo imapita kutsogolo ku giyabokosi yaikulu ndi kumbuyo ku rotor ya kumchira, choncho injini ikazima, rotor yaikulu ndi imene imazungulitsa ya kumchira ndipo mapedulo amagwirabe ntchito. Musananyamuke mumaiyesa: kwezani RPM, tsekani throttle mwachangu, singano ya injini igwe, ya rotor itsalire m'mwamba. Masingano akatsikira limodzi osapatukana, zimitsani, musapite kulikonse.

Musasokoneze sprag ndi kilachi yolizira. Injini imalizidwa malamba ali okhwefuka. Ikalira mumayatsa switch, kamota kamagetsi n'kukweza pule yapamwamba pang'onopang'ono mpaka malamba atakungika. Mapiko ayenera kuyamba kuzungulira pasanathe masekondi asanu. Akachedwa, malamba akhwefuka mopitirira ndipo akhoza kulumpha mumzere. Akayamba kuzungulira pomwe mukuliza, malamba athina, sitata ikunyamula rotor yonse. M'malere nyali ya kilachi imathwanima mwa apo ndi apo malamba akatentha n'kutamuka, zimenezo n'zabwinobwino. Ikayaka kupitirira masekondi 10, zulani circuit breaker yake (chodulira magetsi), chepetsani mphamvu, terani, mutakonzekera kuti malamba akhoza kuduka. Malamba atsopano ndi amene amafuna diso kwambiri pa maola oyambirira, chifukwa ndi pamene amatamuka msanga ndi kutembenuka mumzere.

Koma chimene chimazimitsa injini zimenezi kawirikawiri si chitsulo chothyoka. Ndi ayezi mu kabureta. Mafuta akamasanduka nthunzi ndiponso mpweya ukamapanikizika pa throttle, m'katimo mumazizira kwambiri kuposa panja, chinyezi n'kuundana. Zimachitika ngakhale kunja kuli madigiri 25, bola mpweya uli ndi chinyezi. Pa ndege wamba injini imayamba yatsokomola, pulopela n'kumaizungulitsabe, woyendetsa n'kupeza mpata. Pa helikopita sprag ija imamasula ndipo injini imangoti zii. Choipa china, governor imabisa chizindikiro: ayezi akamatseka njira, iyo imangotsegulabe throttle, RPM osasuntha, mpaka njira yatha. Lamulo la R22 n'lakuti manifold pressure ikatsika pansi pa ma inchi 18, kokani carb heat (chotenthetsera mpweya wolowa mu kabureta) yonse osayang'ananso geji ya kutentha kwa kabureta, chifukwa pa mphamvu yochepa ayezi amaundana pamalo amene geji siiwerenga. Beta II ili ndi kachipangizo kamene kamawonjezera carb heat collective ikamatsika, koma kamangothandiza, diso likhalepobe. Ndipo kachipewa kamene kali pa chokokera cha mixture, chimene chimachepetsa kapena kutseka mafuta opita mu injini, sikokongoletsa: kanaikidwa chifukwa anthu ankakoka mixture poganiza kuti ndi chokokera china, injini n'kuzima ndi dzanja lawo lomwe.

Za mtengo, kusiyana kwenikweni kuli pa kakonzedwe. R22 ikakwanitsa maola 2,200 kapena zaka 12, chimene chayamba kufika, imaphwasulidwa yonse, mapiko ndi zitsulo zambiri zozungulira n'kusinthidwa. Pakati pa nthawiyo ntchito yake ndi yochepa, koma ndalama ya tsikulo muyenera kumaisunga pa ola lililonse. Sukulu youluka maola 500 pa chaka imafika pa 2,200 m'zaka pafupifupi zinayi ndi theka, zonse itazidya. Munthu wouluka maola 60 pa chaka, zaka 12 zimam'peza ali pa maola 720, n'kutaya mapiko amene sanafike ndi theka lomwe. Cabri thupi ndi mapiko ake ndi a composite (ulusi wolimba womatidwa pamodzi, osati chitsulo) ndipo zambiri zimasinthidwa zikaoneka kuti zatha, osati chifukwa kalendala yatero, ngakhale injini ndi magiyabokosi zili ndi maola ake. Pogula ndiye ndi yodula kuposa R22.

Nachisale_G2 wayankha:

Achimwene a Kadzioche, pang'onopang'ono, musathamangire kunena kuti ilibe chilema. Chilema chili kumchira.

Bruno Guimbal, amene anapanga Cabri, anali injiniya wa kampani ya mahelikopita ya Eurocopter, ndipo anabweretsa zimene ankazidziwa kumeneko: rotor yozungulira motsatira wotchi, ndi Fenestron, fani ya timapiko 7 yobisidwa m'kati mwa mchira. Cabri G2 ya mtundu wogulitsidwa inauluka koyamba mu 2005, EASA, bungwe loona za ndege ku Ulaya, n'kuivomereza mu 2007, ndipo imapangidwa ku Aix-en-Provence, France. Fenestron ili ndi ubwino wooneka: phokoso lochepa, munthu woyenda pansi sadulidwa msanga, mchira ukakhudza udzu kapena tchire timapiko sitiphwanyika mwachisawawa. Koma kamvekedwe kake kuphazi n'kosiyana ndi rotor wamba. Pakatikati pa mapedulo imayankha mwaulesi, mphamvu yambiri ili chakumapeto. Imafuna phazi loyenda mtunda wautali ndiponso loyamba msanga.

Phatikizani ndi ichi: poti rotor ikuzungulira motsatira wotchi, mukawonjezera mphamvu mphuno imathawira kumanzere, ndipo phazi lolimbana nayo ndi lamanja. Pa R22 ndi lamanzere. Munthu wozolowera R22 akafika potera, liwiro likutha, collective ikukwera, chipsepse cha kumchira chimene chimathandiza pothamanga chasiya kugwira mphepo, iye n'kuponda pang'ono monga anazolowera. Mphuno imayamba kupita kumanzere, kuzungulirako n'kukula. Akaona kuti pedulo sinamve amaganiza kuti Fenestron yafa, amabweza phazi kapena kukoka collective kuti athawe nthaka, ndipo kukokako kumangowonjezera kuzungulira. Ngozi zambiri za Cabri zakhala za mtundu umenewu, pafupi ndi nthaka. Chithandizo chake ndi pedulo yamanja mpaka kumapeto, osabweza mpaka kuzungulira kutaima, cyclic ikusunga helikopita yowongoka, RPM isatsike poti mphamvu ya Fenestron imagwa nayo limodzi.

Komanso mapiko atatu a mtundu umenewu amasunthira kutsogolo ndi kumbuyo pa hub, ndipo amadalira ma damper, tizipangizo tochepetsa kusunthako. Damper ikafooka, kapena miyendo ikamenya pansi mwankhanza mbali imodzi, mapiko amatha kuunjikana mbali imodzi, helikopita n'kuyamba kugwedezeka pa miyendo yake, kugwedezekako n'kukula m'masekondi ochepa. Odziwa helikopita ya Hughes 269 ndi mdzukulu wake Schweizer 300 amaidziwa bwino nkhani imeneyi. RPM ikakhala yokwanira mumanyamuka nthawi yomweyo, ikakhala yochepa mumatseka throttle. R22 ilibe vuto limeneli n'komwe.

Chimene ndimaiyamikira Cabri ndi pamene anaika makilogalamu ake owonjezera. Mapiko olemera, moti pa autorotation rotor imaloledwa kuyambira 450 mpaka 610 pa mphindi, mpata waukulu kwa wophunzira wa manja ochedwa. Mipando yophwanyika mwadala kuti imwe mphamvu ya kugwa. Thanki yosabooka msanga. Zinthu zikavuta, munthu amatuluka akuyenda kawirikawiri.

Koma kunena kuti R22 ikugulidwa chifukwa cha mtengo wokha ndi kuichepetsa. Ndi yopepuka, imamvera msanga, zipangizo zake ndi amakaniko oidziwa ali paliponse. Alimi a ng'ombe ku Australia amakusira ziweto pa R22 tsiku ndi tsiku, m'fumbi ndi m'dzuwa, ndipo kumeneko chitsulo chofooka sichikhalitsa. Wophunzira pa R22 amatulukanso ndi khutu lomva RPM, zimene wa pa Cabri amachedwa kuziphunzira.

Injiniya_Mapiko wayankha:

Tatsala ndi funso lachitatu lija. Tiyambe ndi mpweya. Pa mafiti 5,000 kutentha koyembekezeka ndi madigiri 5, poti timayamba ndi 15 pansi n'kumachotsa 2 pa mafiti 1,000 alionse. Inu muli pa 30, mwapitirira ndi 25. Digiri iliyonse imawonjezera mafiti pafupifupi 120, ndiye 25 kuchulukitsa ndi 120 ndi 3,000. Density altitude yanu, msinkhu wolingana ndi kupepuka kwa mpweyawo, ndi mafiti 8,000. Helikopita sidziwa kuti bwalo lalembedwa 5,000, iyo ikumva 8,000. Pamenepo mpweya watsala 79 peresenti ya kulemera kwake, 60 hp ya rotor yangwiro ija yakwera ndi 13 peresenti, ndipo injini yataya pafupifupi 24 peresenti, yatsala cha pa 135 hp throttle yonse itatseguka. Nkhokwe ya mphamvu ija tinaitchula poyamba yatha. Carb heat mukaisiya yokoka imachotsanso ina, poti mpweya wotentha ndi wopepuka.

Kulemera: R22 Beta II yopanda kanthu ndi pafupifupi makilogalamu 400, koma werengani pepala la helikopita yanuyo, chifukwa wailesi ndi mageji owonjezera amadya. Chotsani pa 622, mwatsala ndi 222. Chotsani anthu, 170, mwatsala ndi 52 a mafuta. Avgas, petulo wa ndege, imalemera makilogalamu 0.72 pa lita, ndiye malita 72. Mathanki awiri a bladder (okhala ndi thumba la labala m'kati) amalowa pafupifupi malita 100, choncho simungadzaze. Pa malita 35 pa ola muli ndi maola awiri, osawerengera osungira. Mpando uliwonse malire ake ndi makilogalamu 109 pamodzi ndi chikwama cha pansi pake. Cabri: 700 kuchotsa pafupifupi 430, kuchotsa 170, mwatsala ndi 100, amene ndi malita 139 mu thanki ya 170.

Amenewo ndi malire a chitsulo, osati a mpweya wa tsikulo. Pa makilogalamu 622 ndi density altitude ya 8,000, R22 ikhoza kuima pafupi ndi nthaka, pamene nthaka ikuthandiza rotor, koma kuima pamwamba patali ndi nthaka musayembekezere. Tsegulani matchati onse awiri a hover (kuima m'malere pafupi ndi nthaka ndi patali ndi nthaka) m'buku la helikopitayo, ndipo mukafuna kutera pamalo opanikizika gwiritsani ntchito ya patali ndi nthaka. Ine pa manambala amenewa ndingathire malita 45, kupepuka ndi makilogalamu 20, kapena kunyamuka m'mamawa kusanatenthe. Madigiri 10 ochepa akukubwezerani mafiti 1,200.

Ponyamuka, imani pa mafiti awiri kapena atatu, mphuno yoloza kumphepo, yang'anani manifold pressure ndi RPM. Singano ikakhala kale pa malire, kapena RPM ikuyamba kutsika throttle itatha, terani mutsitse katundu. Zikakhala ndi mpata, yendani kutsogolo pang'onopang'ono muli pafupi ndi nthaka, osakoka collective yowonjezera. Pakati pa ma knot 16 ndi 24 helikopita imanjenjemera pang'ono, rotor yalowa mumpweya woyera, mphamvu yofunika n'kutsika. Pitirizani pafupi ndi nthaka mpaka cha pa ma knot 45, kenako kwerani pa 60. Musanayambe, sankhani chizindikiro pansi, mtengo kapena mphambano ya msewu wa pabwalo: mukachidutsa kunjenjemera kuja kusanabwere, bwezani cyclic, terani kutsogolo pamene bwalo likadalipo.